Banja likatha, nyumba ndi ngongole ziwerengedwe pamodzi

Pa zokambirana za kutha kwa banja, kaya ndi pabwalo la mfumu kwa Kawinga ndi kwa Kalembo kapena ku khoti la majisitireti ku Liwonde ndi ku Balaka, mkangano waukulu umakhala pa zinthu zooneka ndi maso: nyumba ya malata, njinga yamoto, mbuzi, matumba a mpunga. Ngongole imatchulidwa kumapeto anthu atayamba kale kuimirira, mwinanso osatchulidwa n'komwe. Komatu ngongoleyo ndi imene imayamba kufika pakhomo banja likangotha, ndipo imafunafuna munthu mmodzi yekha, amene dzina lake linalembedwa m'kabuku. Ine ndikuti kugawa katundu kumene sikunawerengere ngongole n'kugawa kwachinyengo, ngakhale ogawawo atakhala anthu oona mtima. Chimene banja lili nacho ndi chotsala mukachotsa zimene likuyenera kubweza, ndipo pa nyumba ndi pa ngongole pomwe funso loyenera ndi limodzi: ndani anaikapo mphamvu zake, nanga ndani anapindula? Dzina lolembedwa pa pepala ndi umwini wa malo ndi mbali chabe ya yankho.

M'maboma a Machinga ndi Balaka, amene anali boma limodzi mpaka Balaka atapatulidwa mu 1998, maukwati ambiri a kumudzi ndi a chikamwini. Mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, eni mbumba amamulozera malo, iye n'kumanga pamenepo. Malowo si ake, ndipo aliyense amadziwa zimenezi kuyambira tsiku la chinkhoswe. Kale izi sizinkavuta kwenikweni, poti nyumba inali ya mitengo, dothi ndi udzu, moti mkamwini akasudzulidwa ankasiya chinthu chimene akanatha kumanganso kwawo chilimwe chimodzi. Lero nyumba ndi ya njerwa zootcha, simenti ndi malata, ndipo nthawi zambiri mwalowa ndalama za zaka zingapo za ku Joni, za thonje la ku Utale, za mpunga wa ku Domasi kapena za usodzi wa ku Chilwa ndi ku Chiuta. Mbali ya ngongole ili mosemphana. Mamembala ambiri a banki m'khonde ndi amayi, ndipo mabungwe obwereketsa ndalama m'magulu amakonda kugwira ntchito ndi amayi. Choncho ndalama ya pasipoti ndi ya ulendo wa mwamuna ku South Africa, ya feteleza, ya fizi, ngakhale yomalizira denga, imatengedwa m'dzina la mkazi. Banja likatha, mwamuna amauzidwa kuti anyamule chikwama chake azipita, mkazi n'kutsala ndi ngongole zonse. M'matauni a Liwonde ndi Balaka zimatembenuka: puloti yogula imalembedwa m'dzina la mwamuna, ndipo wotuluka ndi mapoto okha ndi mkazi. Konseku alipo amene waberedwa.

Malamulo a dziko lino sanasiye nkhaniyi m'manja mwa amene ali ndi mawu okwera. Gawo 24 la malamulo aakulu oyendetsera dziko a 1994 limapatsa mkazi ufulu woti banja likatha, katundu amene anali naye limodzi ndi mwamuna wake agawidwe mwachilungamo, komanso kuti alandire chithandizo choyenera poganizira kapezedwe ka mwamunayo ndi zosowa za ana. Lamulo la maukwati ndi kutha kwa banja la 2015 linafutukula zimenezi m'gawo 74, ndipo limakhudza mwamuna ndi mkazi mofanana. Khoti likamagawa katundu liyenera kuona zimene aliyense amapeza, katundu amene ali naye, zosowa zake, maudindo amene wasenza, moyo umene banjalo linkakhala, zaka ndi thanzi la aliyense, komanso zimene aliyense anasonkha, kuphatikizapo ntchito za pakhomo. Ngongole yosabwezedwa ndi udindo umene munthu wasenza, ndiye palibe chifukwa choti iziiwalika pogamula. Lamulo lomweli limaika pa mlingo umodzi ukwati wa kwa DC, wa chinkhoswe, wa kutchalitchi ndi womangitsidwa ndi shehe, ndipo khoti lingathe kuvomereza ngati banja anthu amene akhala limodzi zaka zosachepera 5 akudziwika kuti ndi mwamuna ndi mkazi wake. Amene anakwatirana 2015 isanafike asaganize kuti atsala kunja, chifukwa gawo 24 ndi zigamulo za makhoti zinalipo kale ndipo zimawateteza.

Tisanamizane kuti chilichonse chopezeka m'banja chimagawidwa. Mu 2017, pa mlandu wa Sikwese ndi Banda, khoti lalikulu la apilo linanena kuti ukwati suchotsa ufulu wa munthu wokhala ndi katundu wakewake, ndipo kuti chogawidwa ndi chimene awiriwo anali nacho limodzi, poona cholinga chawo ndi zimene aliyense anasonkhapo. Munda wa makolo a mkazi si wa banja lakelo, ndi wa mbumba. Ng'ombe imene mwamuna anasiyiridwa ndi atsibweni ake n'kumaisunga kwawo si yoti igawidwe. Koma mawu oti kusonkha asamveke ngati ndalama zokha. Mu 2020, pa mlandu wa Tewesa, Justice Sylvester Kalembera wa khoti lalikulu anagamula kuti ngakhale digiri singagawidwe ngati mbale, mkazi amene anasenza banja pamene mwamuna anali pasukulu ayenera kulipidwa pa zimene anaikapo. Ngati khoti linaona thukuta la mkazi m'pepala la sukulu, lingalephere bwanji kuliona m'chipupa cha nyumba imene iye anaumbira njerwa?

Apa mpamene mwamuna wochokera ku Joni amaimirira n'kunena kuti ndalama zonse anatumiza ndi iye, mkazi ankangolandira. Dandaulo lakeli lisapeputsidwe. Munthuyo anagona m'kachipinda ka malata ku Johannesburg kapena ku Durban, akugwira maganyu a m'munda wa maluwa ndi a m'shopu, akuzemba apolisi chifukwa cha mapepala otha, akudzimana kuti atumize. Koma tiyang'anenso zimene zinkachitika kumudzi miyezi yomweyo. Njerwa siziumbika ndi uthenga wa pa foni. Pamafunika woponda dothi, wonyamula chikombole, wotunga madzi ku mjigo ndowa ndi ndowa kuyambira mbandakucha, wofuna nkhuni zootchera uvuni ndi kuchezera usiku kuti moto usazime. Amisiri akabwera pamafunika wowaphikira ndi wowerenga matumba a simenti kuti asasowe. Ndipo ndalama ya ku Joni inatha kupita yonse ku malata chifukwa chakudya cha ana chinkachokera m'munda umene mkazi ankalima yekha. Akanati alembedwe aganyu pa ntchito zonsezi, nyumbayo ikanathera pa mawindo. Ndiye mwamunayo akunena zoona kuti anasonkha kwambiri, koma akulakwa kunena kuti anasonkha yekha.

A kuchikazi nawonso ali ndi mawu awo: mwambo unathetsa kale nkhaniyi, nyumba ili pa malo athu, mkamwini anabwera yekha apitenso yekha. Mbali ina ya mawuwa makhoti amagwirizana nayo. Akhala akuvomereza kuti pa chikamwini mwamuna ali ndi udindo womangira mkazi wake nyumba kwawo kwa mkaziyo, moti banja likatha asanamange, khoti limatha kumulamula kuti amange kapena apereke ndalama yake. Choncho mwamuna sanganene kuti nyumba yogonamo ana ake inali ngongole imene mkazi ayenera kubweza yonse, ndipo amene amabwera ndi anyamata kudzasasula malata akuononga chuma cha onse awiri, akusiya ana ake pamvula, komanso akhoza kuimbidwa mlandu woononga katundu. Koma udindo womanga nyumba yogona sutanthauza kuti golosale ya pamsewu, nyumba za lendi pa Ntaja kapena pa Ulongwe, chigayo ndi njinga ya kabaza zonse zasanduka za mbumba chifukwa choti zili m'dera la kwawo kwa mkazi. Mwambo unapangidwa nyumba zili za udzu. Kuugwiritsa ntchito polanda munthu zaka khumi za ntchito yake n'kuupotoza, ndipo kumachititsa amuna ena kubisa ndalama ndi kukamanga kwawo mwakachetechete, zimene zimasaukitsa ana omwewo amene mwambowo unkafuna kuteteza. Njira yabwino ndi yoti nyumba itsale ndi amene akulera ana, mtengo wake uwerengedwe, ndipo wochokayo apatsidwe gawo lake kuchokera pa katundu wina kapena ndalama zolipidwa pang'onopang'ono.

Tsopano ngongole. Muyeso wake usakhale woti anasaina ndani, ukhale woti ndalamayo inagwira ntchito yanji. Ngongole imene inagula malata, feteleza, mankhwala a mwana, fizi, kapena imene inakweza mwamuna basi ya ku Joni mogwirizana, ndi ya banja, ndipo ichotsedwe pa chuma cha banja musanagawe kalikonse. Ngongole imene mmodzi anatenga mobisa n'kukathera ku mowa, ku juga, ku chibwenzi kapena kukamangira nyumba mkazi wachiwiri ndi ya iye mwini, ndipo mnzake asasenzetsedwe. Pakati pa ziwirizi pali ngongole ya geni imene inagwa, monga ya tomato amene anaolera pamsika kapena ya thonje limene linapsa ndi ng'amba ya ku Balaka. Ambiri amafuna kuikankhira kwa amene ankayendetsa geniyo, koma ine sindikuona chilungamo pamenepo. Ngati phindu likanabwera onse akanadya, ndiye kuluzako n'kwa onsenso.

Tiyerekeze ndi manambala, ongopeka kuti nkhani imveke. Banja lili ndi nyumba ya K6,000,000, njinga yamoto ya K2,500,000 ndi mbuzi za K500,000, zonse pamodzi K9,000,000. Mkazi ali ndi ngongole ya K1,000,000 ku banki m'khonde imene inagula malata ndi feteleza. Tinene kuti agwirizana kugawana pakati, mkazi atsale ndi nyumba, mwamuna atenge njinga ndi mbuzi. Ngongole ikaiwalika, aliyense ayenera K4,500,000, ndiye mkazi auzidwa kuti awonjezere mwamuna K1,500,000, kenako abweze yekha K1,000,000 ija. Mwamuna achoka ndi K4,500,000, mkazi atsala ndi K3,500,000, anthu onse n'kumati agawana mofanana. Ngongole ikawerengedwa, chuma chenicheni ndi K8,000,000, aliyense K4,000,000, ndipo chowonjezera cha mkazi chitsika kufika pa K1,000,000. Kuchoka pamenepo mpamene muyambe kuona za ana, za udindo wa nyumba ndi kapezedwe ka aliyense, zimene zingachepetsenso ndalamayo kapena kuithetseratu. Chinanso, mitengo ikhale ya lero. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, choncho kubwezera munthu ndalama yeniyeni imene anaika pa nyumba mu 2018 n'kumupatsa kachigawo chabe ka malata amene anagula. Funsani mmisiri ndi wogulitsa zipangizo kuti nyumba yotere ingadye zingati lero, ndipo pa nyumba ya m'tauni pezani katswiri wowerengera mitengo ya nyumba.

Pali chinthu chimodzi chimene chimapweteka anthu ngakhale atagawana bwino. Mgwirizano wa pakati pa mwamuna ndi mkazi sumanga wobwereketsa ndalama amene sanalipo. Ankhoswe akhoza kugamula kuti ngongole ya ku banki m'khonde kapena ku SACCO abweze ndi mwamuna, koma tsiku la msonkhano bokosi likatsekulidwa, mlembi adzaitana dzina limene lili m'buku, ndipo amayi anzake a m'gulu adzapita kunyumba kwa mwini dzinalo. Amene anasainira mnzake ngati mboni yolonjeza kubweza amakhalabe womangika ngakhale banja litatha, ndipo nyumba kapena puloti imene inaikidwa chikole imakhalabe chikole. N'chifukwa chake lonjezo la pakamwa loti ndizikutumizira mwezi ndi mwezi lisamalandiridwe kuchokera kwa munthu amene mawa akhoza kuwoloka malire n'kusintha nambala ya foni. Ngati n'kotheka, gulitsani mbuzi kapena matumba angapo, ngongole ibwezedwe banja lisanabalalike. Ngati sizingatheke, amene dzina lake lili m'buku apatsidwe katundu wofanana ndi ngongoleyo tsiku lomwelo, kapena wobwereketsa aitanidwe avomere molemba kuti ngongole yasamukira kwa wina. Pa katapila, dziwani kuti lamulo la kubweza ngongole la Loans Recovery Act limalola khoti kuunikanso mgwirizano umene chiwongoladzanja chake n'chopyola muyeso n'kuchichepetsa. Ndipo katundu amene simunamuike chikole sangangonyamulidwa ndi aliyense amene wakwiya. Imeneyo ndi ntchito ya masherifu atatumidwa ndi khoti.

Ena amafunsa kuti bwanji osangolamula kuti nthawi zonse azigawana pakati ndi pakati, mikangano ithe. Ganizoli lili ndi ubwino wake, chifukwa limateteza wofooka amene sangathe kudzilankhulira, ndipo pa banja la zaka zambiri limene zonse zinapezedwa pamodzi, ine ndikuona kuti theka ndi poyambira pabwino, wofuna zambiri ndiye afotokoze chifukwa chake. Ku South Africa, amene akwatirana popanda pangano lapadera amagawana pakati katundu ndi ngongole zomwe, zimene abale athu okwatira kumeneko ayenera kudziwa. Koma lamulo lathu linasankha mawu oti mwachilungamo, monganso pangano la Maputo la 2003 la ufulu wa amayi mu Africa, ndipo pali chifukwa. Banja la miyezi 18 limene linalowa m'nyumba yomangidwa kale silingafanane ndi la zaka 20. Pa mitala, theka la mwamuna silingawerengedwe pa nyumba imene mkazi wamkulu anamanga ndi mwamunayo wamng'ono asanabwere. Nyumba iliyonse ndi ngongole zake ziyenera kuonedwa pazokha. Palinso amene amati wolakwa, amene anachita chigololo kapena kuthawa banja, achoke chimanjamanja. Mkwiyo wake ndi womveka, koma pa zinthu zimene gawo 74 limatchula palibe funso loti anathetsa banja ndani. Chipukuta misozi cha wolakwiridwa ndi nkhani ina, chithandizo cha ana ndi nkhani inanso imene siitha ngakhale nyumba yasiyidwa, ndipo zonsezi zisasakanizidwe ndi thukuta limene munthu anaika pa chuma.

Chovuta chenicheni ndi umboni, poti kumudzi anthu sasunga malisiti, ndipo ena amati kulemba zinthu m'banja n'kuitana tsoka kapena kuonetsa kuti simukhulupirirana. Komatu umboni ulipo wambiri kuposa mmene timaganizira. Ndalama za ku Joni zimadzera ku Mukuru, ku Airtel Money ndi ku Mpamba, ndipo zimasiya mbiri ya tsiku ndi kuchuluka kwake. Kabuku ka banki m'khonde kali ndi masitampa a masheya ndi tsiku la ngongole iliyonse, ndipo gulu limadziwa chimene membala ananena kuti akukachita nayo. Mmisiri amakumbukira amene ankamulipira ndi amene ankamuphikira. Nyakwawa imene inachitira umboni pogula puloti ilipo. Pa maanja amene adakali limodzi, kulembetsa puloti yogula m'maina a onse awiri ndi kuuzana musanatenge ngongole si chizindikiro cha kukayikirana, chifukwa pepala lomwelo ndi limene lidzateteze wotsala ndi ana ngati mmodzi atamwalira achibale n'kubwera kudzalanda.

Ankhoswe ndi mafumu ali ndi malo aakulu pa nkhaniyi, ndipo milandu yambiri ithera kwa iwo chifukwa ali pafupi ndipo amadziwa mbiri ya banjalo. Koma chigamulo chawo sichitseka khomo la khoti. Ukwati wa chinkhoswe umathetsedwa ku khoti la majisitireti, ndipo wosakhutira akhoza kukachita apilo ku khoti lalikulu ku Zomba. Pempho la kugawa katundu ndi ngongole linenedwe pa mlandu womwewo wothetsa banja, osadikira kuti papite zaka katundu atagulitsidwa. Wosowa ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, imene boma linakhazikitsa kuti ithandize anthu otere. Amene akuopsezedwa, kuthamangitsidwa m'nyumba kapena kulandidwa katundu mlandu usanathe akanene ku ofesi yothandiza ozunzidwa ya kupolisi, chifukwa lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limawerengera nkhanza za pachuma ndipo limalola khoti kulamula amene akhale m'nyumba podikira chigamulo.

Kwa inu ankhoswe, mafumu, mashehe ndi akulu a mpingo a ku Machinga ndi ku Balaka, pempho langa ndi ili: mukakhala pansi kuti mumasule banja, musayambe ndi kufunsa kuti nyumba atenga ndani. Yambani mwaitanitsa kabuku ka banki m'khonde ndi mapepala onse a ngongole, mufunse kuti ndalama iliyonse inapita kuti, mulembe zimene mwagwirizana, onse awiri asaine pamaso pa mboni, ndipo aliyense apite ndi pepala lake.